Mphunzitsi wokwera bulu amene anagwedeza ufumu wa Fatimid

Owerenga ena anditumizira imelo yofunsa kuti: kodi anthu amene ankaukira mafumu a Chiismaili kalelo ankamenyera chipembedzo, kapena mtundu wawo? Zikomo achimwene, funsoli ndi labwino. Ine ndimaona kuti zinthu ziwirizi zinkayendera limodzi, ndipo nkhani ya Abu Yazid ikuonetsa bwino zimenezi.

Ufumu wa Fatimid unayamba mu 909 kumene lero kuli Tunisia. Mafumu ake anali Ashia a gulu la Ismaili, ndipo asilikali amene ankawadalira anali Aberber a fuko la Kutama. Anthu ambiri m'mizinda, makamaka ku Kairouan, anali Asunni otsatira chiphunzitso cha Maliki. Kumapiri kunali mafuko a Zenata, omwe ambiri anali a gulu la Ibadi, Asilamu osiyana ndi Asunni komanso Ashia. Onsewa ankaona kuti ulamuliro ndi chuma zapita kwa a Kutama.

Abu Yazid anali wa Zenata ndiponso wa gulu la Ibadi, mphunzitsi wa ana, wachikulire kale. Ankavala chovala chaubweya chosakongola n'kumayenda pa bulu, mpaka anthu anam'patsa dzina loti Mwini Bulu. Mu 943 anayambitsa nkhondo kuchokera kumapiri a Aurès, ndipo mu 944 analanda Kairouan. Chimene chimandikhudza n'chakuti mashehe a Maliki, amene sankagwirizana naye pa chiphunzitso ngakhale pang'ono, anatuluka kukamenya nkhondo pambali pake. Tangoganizani kuwawa kumene anali nako mumtima kuti achite zotero.

Mu 945 anazinga Mahdia, likulu la a Fatimid la m'mbali mwa nyanja, koma mpanda wake sunagwe. Ankhondo ake ankafunkha katundu wa anthu wamba, ndipo amene anamulandira ndi manja awiri anayamba kumutaya. Ziri ibn Manad, mfumu ya fuko la Sanhaja lomwe linali pa udani ndi Zenata, anathandiza a Fatimid. Apa nkhani ya mafuko inaonekera poyera.

Mfumu ya a Fatimid, Khalifa al-Qa'im, atamwalira mu 946, mwana wake al-Mansur anabisa malirowo n'kutsogolera yekha asilikali. Anamuthamangitsa Abu Yazid mpaka kumapiri a Hodna, komwe anamugwira ali wovulala mu 947. Patangopita masiku ochepa anamwalira, ndipo al-Mansur anamanga mzinda watsopano, al-Mansuriyya, pafupi ndi Kairouan pomwepo.