Mafunso Anu: Kodi Louis Robichaud anachitanji kuti Chifalansa chipatsidwe ulemu ku New Brunswick?

FUNSO: Akonzi, ine ndinkadziwa kuti olankhula Chifalansa ku Canada amapezeka ku Quebec basi, koma posachedwapa ndinamva kuti New Brunswick ndicho chigawo chokhacho m'dzikolo chimene malamulo ake amaika Chingerezi ndi Chifalansa pamlingo umodzi, ndipo kuti amene anayambitsa zimenezi ndi Louis Robichaud. Kodi bambo ameneyu anali ndani, ndipo zinatheka bwanji kuti anthu ochepa apambane nkhani yotere? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Zimene munamvazo ndi zoona. Ku New Brunswick, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amalankhula Chifalansa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Acadian, zidzukulu za anthu pafupifupi 10,000 amene Angerezi anayamba kuwasamutsa mokakamiza m'chaka cha 1755. Amene anatsala ndi amene anabwerera anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa chigawochi, kumene anakhala zaka zambirimbiri ali asodzi, alimi ndi odula mitengo osauka.

Robichaud anabadwira pakati pa anthu amenewa, m'mudzi wa Saint-Antoine, m'chaka cha 1925. Anali loya, ndipo analowa m'nyumba ya malamulo ya chigawo mu 1952 monga phungu wa chipani cha Liberal. Anthu anamusankha kukhala mtsogoleri wa chipanicho mu 1958, ndipo mu 1960, ali ndi zaka 34 zokha, anapambana chisankho n'kukhala nduna yaikulu ya chigawo. Peter Veniot, yemwenso anali wa mtundu wa Acadian, anakhalapo pampandowu kuyambira 1923 mpaka 1925, koma iye anangolowa m'malo mwa mnzake, pamene Robichaud anaikidwapo ndi mavoti a anthu.

Chimene ndikufuna kuti muchimvetse bwino n'chakuti sanayambe ndi lamulo la chiyankhulo, anayamba ndi sukulu ndi ndalama. Pa nthawiyo boma la dera lililonse linkatolera lokha misonkho yolipirira sukulu ndi chithandizo cha anthu ovutika, motero dera losauka linkakhometsa anthu ake msonkho wowawa koma n'kulepherabe kulipira aphunzitsi moyenera, pamene mizinda ngati Saint John ndi Fredericton inali ndi sukulu zabwino. Mwana wa msodzi wolankhula Chifalansa ankasiyira sukulu panjira, ndipo akakula analibe mapepala oti n'kupezera ntchito m'boma. Ufulu wolankhula Chifalansa mu ofesi ukanamuthandiza chiyani munthu amene sakanatha ngakhale kulemba kalata yofunsira ntchito mu ofesimo?

Mu 1963 boma lake linakhazikitsa yunivesite ya Chifalansa mumzinda wa Moncton, yotchedwa Université de Moncton, kumene achinyamata ankatha kuphunzira m'chiyankhulo chawo osachoka kwawo. Kenaka mu 1967 linayamba ndondomeko yotchedwa Equal Opportunity, kutanthauza mwayi wofanana kwa onse, imene inathetsa makhonsolo a madera, n'kuika maphunziro, zaumoyo, chithandizo cha ovutika ndi makhoti m'manja mwa boma la chigawo. Zigawo zoyendetsera sukulu zinatsika kuchoka pa 422 kufika pa 33, ndipo aphunzitsi anayamba kulandira malipiro potengera muyezo umodzi kulikonse kumene ankaphunzitsa.

Apa ndi pamene panavuta kwambiri. Otsutsa ankanena kuti boma likubera Peter kuti lilipire Pierre, ndiko kuti likulanda ndalama za olankhula Chingerezi n'kuzipereka kwa olankhula Chifalansa, ngakhale kuti madera osauka a olankhula Chingerezi nawonso ankapindula. Mpondamatiki K. C. Irving, amene anali ndi mafakitale komanso nyuzipepala m'chigawochi, analimbana nayo ndondomekoyi, komabe Robichaud anapambananso chisankho cha 1967. Mkwiyo unali mbali zonse ziwiri. Mu 1968 ophunzira a ku Moncton, atakhumudwa ndi meya Leonard Jones amene ankakana Chifalansa m'khonsolo ya mzindawo, anakasiya mutu wa nkhumba pakhomo la nyumba yake.

Lamulo la ziyankhulo za boma linabwera mu 1969, ndipo linanena kuti Chingerezi ndi Chifalansa n'zofanana m'nyumba ya malamulo, m'makhoti ndi m'maofesi a boma. Dziwani kuti lamuloli silikakamiza nzika aliyense kudziwa ziyankhulo ziwiri. Udindo uli pa boma, kuti munthu akafika pa ofesi athandizidwe m'chiyankhulo chimene iye wasankha.

Pa funso lanu lachiwiri, maganizo anga ndi akuti ulemu wina upite kwa Richard Hatfield, wa chipani cha Progressive Conservative, amene anagonjetsa Robichaud mu 1970. Iye akanatha kufafaniza zonse zimene mnzakeyo anasiya, koma anazipitiriza, ngakhale kuti ena mwa omutsatira sizinkawasangalatsa. Mu 1981 boma lake linakhazikitsa lamulo lovomereza kuti magulu awiriwa ndi ofanana ndipo lililonse liyenera kukhala ndi sukulu ndi mabungwe akeake, ndipo mu 1982 ufulu wa ziyankhulo wa New Brunswick unalowa m'malamulo aakulu oyendetsera dziko la Canada. Mfundo ya kufanana kwa magulu awiriwa inaonjezedwamonso mu 1993, kotero kuti boma la chigawo silingathe kuichotsa palokha.

Robichaud analowa m'nyumba ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dziko lonse la Canada, ku Ottawa mu 1973 ndipo anakhalamo mpaka 2000. Anamwalira mu 2005, patatha zaka zoposa ziwiri khonsolo ya Moncton, ija imene inkakana Chifalansa m'masiku a meya Jones, italengeza kuti mzindawo udzagwiritsa ntchito ziyankhulo zonse ziwiri.