Nyenyezi "inati" kapena "anati"? Za kabuku ka ana ka Khirisimasi

Mayi wina amene amaphunzitsa Sande sukulu wandilembera kuti akukonza kabuku ka zithunzi ka ana a zaka 3 mpaka 6, nkhani yake ndi ya nyenyezi ija ya pa Khirisimasi, ndiye akuti mutu waima pa zinthu zingapo. Choyamba, mu nkhani yawoyo nyenyezi imayankhula, tsono alembe kuti "Nyenyezi inati" kapena "Nyenyezi anati"?

Mayi, zonse ziwiri n'Chichewa, koma sankhani chimodzi basi. Liwu loti nyenyezi lili gulu limodzi ndi njovu, nyumba, mbuzi, silisintha ikakhala imodzi kapena zambiri, chimatiuza ndi mgwirizano: nyenyezi ija inawala, nyenyezi zija zinawala. Mukaisandutsa munthu mukhoza kuchita monga timachitira mu nthano, timati njovu inapsa mtima komanso timati a Njovu anapsa mtima, ndipo palibe amadabwa. Vuto ndi loti patsamba 2 mwalemba "inati", patsamba 5 "anati", kenako wojambula wajambula kakang'ono inu n'kulemba "kanyenyezi kaja anamwetulira". Ayi ndithu. Mukangoti kanyenyezi ndiye kuti kanati, kanamwetulira, kanaima, mpaka buku lithe. Mwana wa zaka 4 sadziwa galamala koma khutu lake limagwira msanga, amvekere "amene wayankhulayo ndi ndani?" Ine ndikanakhala inu ndikanatenga ka-, ana amakonda tinthu tofanana nawo msinkhu, ngakhale pena ndimaganiza kuti nyenyezi yoti yadzutsa anthu akuluakulu ulendo wautali chonchija inali chinyenyezi ndithu.

Funso lachiwiri, yotsogolera kapena yolondolera? Wotsogolera amakhala patsogolo akuyenda, inu muli pambuyo. Wokulondolera akhoza kungokhala pakhonde n'kukulozera kuti dzera apo, iye osanyamuka. Pa Mateyu 2:9 nyenyeziyo ikuyenda patsogolo pa anzeru a kum'mawa aja mpaka kukaima pamwamba pa pomwe panali mwanayo, Buku Lopatulika lija linatuluka mu 1922 limati inawatsogolera, ndiye yotsogolera ndi yomwe ikukhala bwino. Kulondola kusiyireni anthuwo, iwo ndi amene analondola nyenyezi monga mlenje alondola mapazi a nyama.

Mwafunsanso ngati mungaitchule nthanda. Musatero, nthanda ndi ija imawala mbandakucha, imabwerabwera ndipo aliyense amaidziwa, pomwe ya mu nkhaniyi inali yachilendo.

Pa kuwala pokha ndiye osaumira mawu chonde. Mu zomwe mwanditumizirazo "inawala kwambiri" ndawerenga kasanu. Chichewa chili ndi kuthwanima, kunyezimira, kuphethira, ndipo ana chomwe amasangalala nacho ndi mvekero, kanyenyezi kali phethiphethi, kenako kunja konse kuli ngwee! Tayesani kuwerenga mokweza mwana ali pamiyendo, mukafika pa phethiphethi muona iyenso akuphethira maso, mawa lake azinena yekha musanatsegule n'komwe tsambalo.

Tsono pali zina simunafunse koma ndaziona. Mwalemba "mafumu atatu". Mateyu sanena kuti anali mafumu, sanenanso kuti anali atatu, zitatu ndi mphatso, golide, lubani ndi mure, anthu anangowerengera pamenepo. Liwu la Chigiriki ndi magoi, anthu odziwa za nyenyezi, ife tinazolowera kuti anzeru a kum'mawa ndipo n'lokwanira. Kum'mawa mulembe ndi kankhodolero kaja pakati pa ma m awiriwo chifukwa ndi ku + m'mawa, liwu lina ndi kuvuma koma ana ambiri masiku ano salimva.

Ndiye abusa aja. Iwo ali mu Luka 2 ndipo anauzidwa ndi mngelo osati nyenyezi, kuwaika m'buku limodzi ndi anzeruwo si mlandu, mabuku ambiri a ana amatero. Koma lembani "abusa a nkhosa" nthawi yoyamba. Ine ndinafunsapo mwana wina kuti abusa aja ankatani kubusa usiku, iye osaganiza kawiri anandiyankha kuti ankalalikira, anafunsanso ngati anavala kolala.