Yankho kwa msuweni pa za hard disk yosaoneka ija

Eee, msuweni, wadzuka bwanji... Voice yako ndaimvera kawiri, koyambako kumangomveka njinga zamoto, kaya unali pamlatho kaya kumsika. Ukuti waika hard disk yachiwiri m'kompyuta, wayatsa, koma mu This PC, momwe Windows imaonetsa madisiki, mukungooneka C yekha, disiki yako yoyamba ija, ndiye ukufunsa komwe ungagule chingwe chatsopano cha SATA, cholumikizira disikicho, pa boma pano. Chingwe! Iwetu chiyambire uli mwana, chinthu chikangovuta umathamangira kogula china. Wailesi ya agogo ija tonse sitinaiwale. Sunga kaye ndalamazo.

Tiyambe ndi zam'kati, tithane nazo msanga. Zimitsa, uzule pulagi kukhoma, ugwire batani loyatsira masekondi 10 kuti moto wotsalira uthe. Disiki imafuna zingwe ziwiri. Chaching'onocho, cha timano 7, chimapita pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zonse m'kompyutamo. Chotambalalacho, cha timano 15, chimachokera ku power supply, kabokosi kogawa moto kaja, ndipo n'chimene ambiri amaiwala. Disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 imadya 12 volts ndi 5 volts, popanda chingwe chimenecho siizungulira n'komwe. Ukayatsa, ika chala pamwamba pake umve ngati ikunjenjemera pang'ono. Ikakhala zii, moto sukufika. Ikamalira kuti the, the, the mobwerezabwereza, zimitsa pompo, usayatsenso. Ikamazungulira bwino, lowa mu BIOS, sikirini yosinthira zam'kati mwa kompyuta Windows isanadzuke, dina F2 kapena Delete poyatsa... ayi, dikira, yakoyo ndi HP eti? Ndiye F10. Uone ngati dzina la disikiyo lalembedwa. Ngati mulibe, solola kachingwe kakang'ono ka DVD drive, n'chimodzimodzi, uyesere kameneko, kenako usinthe kabowo pa motherboard. Waona? Chingwe choyesera uli nacho kale m'nyumba.

Ndiye... izi zandikumbutsa amalume. Bambo ako aang'ono a ku Mpondasiwo. Amalume, ndikudziwa muli m'gulu muno ndipo mumvera, pepani, koma nkhaniyi mumaikamba nokha pamaukwati.

Nthawi ija ali ndi shopu ya fotokope pafupi ndi depoti, anapita ku Limbe kukagula disiki ya 1TB, yatsopano, ya m'pepala. Anafika nayo, anaimanga okha, masikuluwu onse anayi, zingwe zonse ziwiri molondola, chifukwa amalume pa zamanja palibe angawauze. Kuyatsa, My Computer mulibe kanthu. Kuzimitsa, kuyatsanso, mulibe. Usiku umenewo sanagone. M'bandakucha, asanaitane n'komwe kumzikiti, anali atakwera kale minibasi, disiki ataikulunga m'chitenje cha amayi ako aang'ono, chatsopano chijatu, cha ku Tanzania. Liwonde, Zomba, mpaka Limbe, njira yonse akukonza mawu okamuuza wogulitsa. Kufika, anangoiika patebulo n'kuti, mwandigulitsa chakufa, bwezani ndalama zanga. Mnyamata wa m'shopumo sanakangane nawo. Anawapatsa mpando, analumikiza disiki pakompyuta yake, n'kutsegula Disk Management, pulogalamu ya mu Windows yoonera ndi kukonzera madisiki. Disiki ili pompo, yalembedwa Not Initialized, mzere wake wakuda, Unallocated. Anadina Initialize, kenako New Simple Volume, kuipatsa chilembo, kusankha NTFS, kasungidwe ka mafayilo ka Windows, kenako quick format. Mphindi 5 sizinakwane, disiki yatulukira.

Chifukwa disiki yatsopano imabwera ngati munda wosalima, mulibe mizere, ndiye Windows imaiona koma ilibe poyikapo chilembo. N'chifukwa chake mu This PC siioneka.

Koma amalume sanathere pomwepo ayi. Anayang'ana pasikirini, anaona 931GB. Akuti, ndalipira 1,000, zina 69 zili kuti? Mnyamata uja anayamba kuwafotokozera kuti opanga amawerenga ndi 1,000 pomwe Windows imawerenga ndi 1,024, disiki ndi yomweyo, palibe chabedwa. Anatenga pepala ndi cholembera amalume, kuwerengetsa okha pakauntala, mpaka anavomera. Anafika kuno usiku, chitenje anachiiwala mu minibasi, ndipo zimene zinachitika kunyumba... aa, zimenezo afunse amayi ako aang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo amalume anasanduka dokotala wa madisiki pa boma ponse. Aliyense wobwera ndi disiki yosaoneka, mankhwala ake amodzi: Initialize, format, yachira. Mpaka kunabwera aphunzitsi ena ochokera ku Namwera. Disiki yawo inali yakale, kompyuta yawo itapsa motherboard, m'menemo muli mayeso amene analemba zaka zambiri ndi zithunzi za ana awo. Windows inatulutsa kabokosi kofunsa kuti disikiyi ifomatidwe, amalume anadina monga mwa masiku onse. Disiki inatuluka yoyera mbee. Ndiye pofuna kuonetsa kuti ikugwira, anakoperamo nyimbo zodzaza foda. Apo ndi pamene panaipira zedi, chifukwa quick format imangofufuta mndandanda wa mafayilo, mafayilo enieniwo amakhala akadalimo mpaka ulembepo zina pamwamba. Amalume anatseka shopu masiku awiri, nsima osadya. Anaitumiza ku Zomba ndi ndalama zawo, munthu wina anayesa ndi PhotoRec, pulogalamu yobwezera mafayilo ofufutika, zina zinabwerera, koma zopanda mayina, zosakanikirana, zina zoduka pakati. Mpaka lero akakumana ndi aphunzitsi aja amavula chipewa ali patali.

Tsono msuweni, ndikuuze chimene ndamva mu voice yako. Sunanene kuti disikiyo waigula. Wangoti waika. Ndipo Loweruka unanyamula bokosi lija linali kuchipinda kwa agogo, la kompyuta ya kushopu. Ndiye disiki imeneyo si yatsopano, ndi ya amalume, ndipo iwe sukufuna malo owonjezera ayi, ukufuna zithunzi za agogo, za Khirisimasi yomaliza ija ndi za chinkhoswe cha achemwali. Ndikunama? Mawu ako amanjenjemera chakumapeto kuja.

Choncho mvera bwino. Pa disiki imeneyo usadine Initialize, usadine Format. Kabokosi kalikonse kakatuluka kofunsa zimenezo, dina Cancel.

Uchite chonchi. Dina batani la Windows pamodzi ndi R, ulembe diskmgmt.msc, Enter. Yang'ana m'munsimo, Disk 0 kawirikawiri ndi yako ya C, inayo ikhala Disk 1, uizindikire ndi kukula kwake. Ikalembedwa Offline, dina kumanja pa dzinalo usankhe Online, zimenezo sizifufuta kanthu. Ikakhala ndi mzere wabuluu, yalembedwa Healthy ndi NTFS koma ilibe chilembo, ndiye mwayi wathu: dina kumanja, Change Drive Letter and Paths, Add, uipatse E kapena F. Usakhudze tizigawo tating'onoting'ono tolembedwa System Reserved kapena Recovery, tenga chachikulucho. Koma ikalembedwa RAW, kapena Not Initialized, kapena mzere wonse wakuda... manja m'thumba. Apo ndiye kuti chiyambi cha disiki chasokonekera, zithunzi zikhoza kukhalamo zonse, zimafuna pulogalamu yobwezera zigawo za disiki ya TestDisk ndi munthu wodekha, osati iwe pa 11 koloko usiku.

Aa, ndinatsala pang'ono kuiwala. M'disikimo muli Windows yakale ya kushopu. Kompyuta ikayamba kudzukira kumeneko, bwerera mu BIOS, pa Boot Order uike disiki yako patsogolo. Ndipo ikatseguka, zithunzi uzipeza mu Users, dzina la amalume, kenako Pictures kapena Desktop, chifukwa iwo chilichonse ankasiya pa Desktop. Ikakuuza kuti ulibe chilolezo, dina Continue, udikire, imachedwa. Kopera zithunzi kaye, kupita pa C komanso pa flash, malo awiri. Copy, osati Cut. Disikiyo yakhala m'bokosi zaka zonsezi ndi kutentha kwa kunoku ndi chinyezi cha kunyanja, ikhoza kutseguka lero mawa n'kukana, ndiye usayambe ndi kuonera mavidiyo a ukwati. Ngati UPS ija, batire la kompyuta lija, ikusungabe moto, lumikiza, magetsi asakuzimire uli pakati.

Ndiye ndabwereza eti, Initialize ayi, Format ayi, ngakhale Windows ikufunse katatu. Zija zinachiritsa disiki ya ku Limbe chifukwa munalibe kanthu. Umu muli agogo.

Tsegula Disk Management, ujambule sikirini yonse ndi foni, uyandikize kuti zilembo zioneke, osati zithunzi zako zogwedera zija, utumize muno. Ndisanayankhe, Cancel yekhayekha. Wamva, msuweni? Upereke moni kwa alamu.