Funsani Dokotala wa Ziweto: kagalu kakutsegula magazi, pusi akutsimphina

FUNSO: Adokotala, ndinatenga kagalu ka miyezi iwiri kwa mnzanga, kanali kojijirika bwinobwino koma kuyambira dzana kakungosanza, chakudya kakukana ndiye lero katsegula m'mimba zamagazi zonunkha zoti simungaime pafupi. Ena akuti ndi njoka za m'mimba ndingokagulira mapilisi. Nditani ine?

YANKHO: Asiyeni kaye mapilisiwo, thamangani nako kwa a vetenale lero lomwe. Zomwe mwafotokozazi zikumveka ngati parvo, kachilombo kamene kamawononga matumbo a tiagalu tosabayidwa katemera. Chimene chimapha kwambiri ndi kutha madzi m'thupi, ndiye kagaluko kakufunika dilipi ndi mankhwala oletsa kusanza, poti mankhwala opha kachilombo kenikeniko palibe, timangolimbitsa thupi kuti lilimbane nako lokha. Tayesani izi pompano, tsinani chikopa cha kumbuyo kwa khosi mukweze kenako musiye, chikachedwa kubwerera m'malo ndiye kuti madzi atha kale, muonenso nkhama ngati zauma n'kumamata chala.

Parvo ndi wouma mutu, amatha kukhala m'dothi miyezi yambiri ngakhale chaka, ndipo sopo wamba samumva. Pamene kasanzira ndi mbale zake zomwe tsukani ndi bleach (mankhwala oyeretsera zovala aja ngati Jik), gawo 1 pa magawo 30 a madzi, ndipo musathamangire kubweretsa kagalu kena pakhomopo. Katemera amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza masabata 3 kapena 4 aliwonse mpaka kakwane masabata 16, wa chiwewe kakafika miyezi 3. Apa m'pamene ambiri timalakwa, kubayitsa kamodzi basi n'kumati zatheka. Zimandiwawa kuona galu ali ndi tcheni chokongola koma khadi ya katemera alibe.

FUNSO: Pusi wanga wavulala mwendo, akutsimphina ndipo usiku akumalira zomvetsa chisoni. Ndingamupatse theka la Panadol kuti ululu uchepeko?

YANKHO: Ayi mayi, ngakhale kachidutswa musayerekeze! Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol, mankhwala amene ali mu Panadol, ngati chathuchi, ndiye mankhwalawo amaononga magazi mpaka amalephera kunyamula mpweya, mumangoona nkhama zasanduka zabulawuni, nkhope ndi mapazi zatupa, akupuma movutikira, ndipo piritsi limodzi lokha limatha kumupha. Ibuprofen nayenso ayi, kwa galu komwe. Musungeni m'chipinda asamadumphedumphe, ndipo mupapase mwendowo pang'onopang'ono, amphaka akamenyana kabala ka dzino kamabisala muubweya kenako pamatupa mafinya patapita masiku angapo. Pakakhala potentha kapena mwendowo sakuuponda n'komwe, mupite naye akamuone, mankhwala a ululu oyenera mphaka alipo.

FUNSO: Galu wanga akungodzikanda usana ndi usiku, ubweya wathothoka m'makutu ndi m'zigongono. Neba akuti ndimupake oilo wakutha wa galimoto.

YANKHO: Aneba anuwo akufunirani zabwino koma oiloyo amaotcha khungu, komanso galu amanyambita n'kumeza poizoni. Kuyabwa koyambira m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono nthawi zambiri ndi mphere, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu, koma nthata ndi zipere nazonso zimathothola ubweya, n'chifukwa chake a vetenale amapala pang'ono pakhungu n'kuyeza kaye asanapereke mankhwala. Mphere ikapezeka agalu onse apakhomo alandire mankhwala limodzi, pogona pawo pachapidwe, ndipo inunso musadabwe mukayamba kuyabwa m'manja chifukwa imalumphira kwa anthu. Ngati muli ndi pusi samalani, mankhwala a nthata ndi nkhupakupa a agalu okhala ndi permethrin amagwetsa mphaka ndi khunyu, ndiye werengani kaye pabotolo.