Funsani Dokotala wa Ziweto: Kuyeza magazi kawiri n'kwa chiyani?

Funso: Ng'ombe yanga ya mkaka yapoloza ili ndi bere la miyezi 7. Alangizi anayeza magazi ndi Rose Bengal n'kupeza matenda opolozetsa otchedwa brucellosis, koma akuti ndidikire kuyeza kwachiwiri. Kodi si kungondidyera ndalama kumeneku? — Mlimi wa ku Luwinga, Mzuzu

Yankho: Pepani bambo, kutaya thole n'kowawa. Koma alangiziwo akuchita bwino, amvereni.

Rose Bengal ndi njira yachangu komanso yotsika mtengo. Ili ngati ukonde wa maso ang'onoang'ono: odwala ochepa kwambiri ndiwo amaupulumuka, koma umakolanso ena osalakwa. Ng'ombe imene inabayidwa katemera wa S19 woteteza ku brucellosis, kapena imene inagwidwapo ndi tizilombo tina tofanana ndi Brucella (tizilombo toyambitsa brucellosis), imatha kuoneka yodwala pomwe ilibe matendawa. N'chifukwa chake magazi amatumizidwa ku labotale, monga Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, kuti akatsimikize ndi njira zina zoyezera magazi, ELISA kapena CFT. Ine sindingalole mlimi kupha ng'ombe imene ikuphunzitsa ana ake chifukwa cha kuyeza kumodzi kokha.

Funsaninso ngati inali yotentha thupi. Matenda a nkhupakupa nawonso amapolozetsa, ndipo amenewo amaonekera pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, osati pa Rose Bengal.

Podikira zotsatira, ipatuleni ku zinzake ndipo musaigulitse kwa mnzanu. Thole lakufalo ndi zonse zotuluka nalo zikwiriridwe mozama, osagwira ndi manja opanda magolovesi. Mkaka wiritsani mpaka ubwate, chifukwa matendawa amagwiranso anthu.