Laputopu yotchaja pokhapokha mutagwira chingwe

Achimwene, mwati laputopu yanu imatchaja pokhapokha mukapendeketsa kamutu ka chaja, mukangosiya kanyali koonetsa kuti ikutchaja n'kuzima, moti tsopano mukuchirikiza chingwe ndi buku. Bukulo lichotseni lero lomwe. Likuoneka ngati likukuthandizani, koma likukankhira kabowo ka pa laputopu kolowetsamo chaja mbali imodzi usana ndi usiku, ndipo chimene pano changokhwepa chidzathyokeratu.

Yambani ndi chingwe, poti sichivuta kuyesa. Gwirani kamutu kasasunthe, ndiye muzipinda chingwe pang'onopang'ono pamene chalowera m'kamutumo, kenako pamene chatulukira m'kabokosi ka chaja. Kanyali kakamayaka n'kuzima, mawaya aduka m'kati ngakhale kunja kukuoneka bwino. Izi zimatigwera ife amene timakulunga chingwe mothinitsa pa kabokosi tikamalongedza. Muonenso chingwe chopita kukhoma chija, nthawi zina n'chimene sichinalowe mokwanira. Ngati mnzanu ali ndi laputopu yonga yanuyo, bwerekani chaja yake kwa mphindi zisanu, yankho mulipeza pompo.

Pamene ambiri timapusitsika ndi pa kamutu. Timitu tozungulira timafanana m'maso chabe. Kena ndi 5.5 mm kunja ndi 2.5 mm m'kati, kena 5.5 ndi 2.1, pamene ma Acer ambiri amafuna 5.5 ndi 1.7. Mukaika ka bowo lalikulu pa laputopu ya pini yowonda, kamalowa bwinobwino koma pini osagwira, ndiye mumangoti laputopu yaonongeka pamene chaja si yake. Kodi yanuyo ndi imene inabwera ndi laputopu, kapena munagula ina? Ma Dell ndi HP ambiri ali ndi timitu ta 7.4 mm kapena 4.5 mm tokhala ndi kapini pakati. Pa Dell kapiniko si kamene kamanyamula moto wotchajira, ntchito yake ndi kuuza laputopu mphamvu ya chaja. Kakapindika kapena kuthyoka, laputopu imayaka ndithu, koma batire osatchaja, makinawo n'kuyamba kuchedwa, BIOS (pulogalamu imene imayambirira kugwira ntchito mukangoyatsa laputopu) ikulemba kuti chaja sikuidziwa. Werenganinso ma volts pansi pa laputopu ndi pa chaja kuti agwirizane: ambiri ndi 19, 19.5 kapena 20. Ngati yanu ndi ya USB-C, kawirikawiri ndi fumbi ndi ulusi zimene zadinana m'kabowo. Zimitsani laputopu, tokosani mosamala ndi kamtengo kotokosera mano, osati singano.

Chaja ina ikachitanso chimodzimodzi, vuto ndi kabowo ka pa laputopu, ndipo apa mpamene ndikufuna mundimvetse. Chaja ya 65 watts imakankha ma amps opitirira 3. Moto wonsewo ukamadutsa pa kachitsulo kongokhudza pang'ono, pamatentha, ndipo nthawi iliyonse pamene kakugwira n'kusiya pamathetheka timoto tosaoneka ndi maso, timene timadetsa zitsulozo, mawa n'kutentha kuposa lero. Ine yanga ndinaichirikiza choncho miyezi ingapo ndikuti ndikonza mawa. Tsiku lina ndinamva fungo la pulasitiki, ndipo titatsekula tinapeza motherboard (bolodi lalikulu la m'kati limene zida zonse zimalumikizidwapo) yapsa pozungulira kabowo. Kukonza kumene kukanakhala kwa kanthawi kochepa kunasanduka kotaya makina onse, ndipo mpaka pano zimandipweteka. Choncho khudzani kamutu ikatchaja kwa kanthawi. Kakatentha mosagwirika, kapena mukaona pakuda, zulani osabwezeranso.

Kakonzedwe kamatengera mmene anaipangira. M'malaputopu ambiri kabowoko kali pa kachingwe kakekake kolumikiza ku motherboard, amangomasula n'kuikapo kena. M'ena anakawotcherera pa motherboard penipeni, ndipo apo pamafunika mmisiri wozolowera, chifukwa timiyendo take tagwira kwambiri ndipo wosadziwa amasenda tinjira ta kopa pokazula. Musathiremo guluu, amagwira pulasitiki koma moto sadutsamo, ndipo wokonza adzavutika kawiri. Ngati mukutsekula nokha, zulani chaja ndi kuchotsa batire musanakhudze chilichonse, ngakhale ikhale batire ya m'kati.

Pakadali pano koperani mafayilo anu ofunika batire isanathe. Mutilemberenso dzina la laputopuyo ndi zimene zalembedwa pa chaja, tione ngati zikugwirizana.