Katundu akuthera deti m'makina: mukudzaza mopitirira malonda

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, watilembera pa imelo. Ali ndi makina awiri ogulitsa okha, aja munthu amaponya ndalama n'kudina batani katundu n'kugwa. Ena ali ku Ulongwe komweko, ena ku Moatize. Akuti mwezi uliwonse akutaya mabisiketi, tchipisi ndi majuwisi otha deti, makamaka ku Moatize, chonsecho amadzaza sabata ndi sabata. Funso lawo n'lakuti: "Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, vuto lili pa kudzazako. Waya wopindika uja wogwira mapaketi m'makina ukamazungulira umakankhira katundu kutsogolo, mipata n'kumatsala kumbuyo. Munthu akaona mipata mtima umafuna aitseke yonse. Koma tiwerengere limodzi. Waya wa mipata 15, bisiketi yake ikuyenda mapaketi awiri pa sabata. Paketi imene mwaika kumbuyo kwenikweni idzafika pagalasi patatha masabata asanu ndi awiri. Ngati munaigula itatsala ndi mwezi umodzi, mwaiika kale m'dzala. Pa waya wotere ikani mapaketi anayi kapena asanu basi, onse kutsogolo. Wogula amaona paketi yoyamba yokha, zakumbuyo sizimukhudza.

Kuti mudziwe chiwerengero choyenera pafunika kope. Waya uliwonse ukhale ndi mzere wake: nambala yake, zimene munaika, zimene mwapeza, ndi deti ya paketi yakutsogolo. Pakatha masabata anayi mudzaona nokha waya wothamanga ndi waya wogona. Muziika zokwana kufikira ulendo wotsatira, n'kuwonjezera ziwiri. Chinthu chimene chakhala mwezi wathunthu osayenda chichotseni, malo ake mupatse madzi kapena zakumwa zimene zimatha msanga.

Chachiwiri, musamatsate tsiku limene munagula, muzitsata deti ya papaketi. Katoni imene mwatenga lero kwa ogulitsa mopikulitsa mu mzinda wa Tete ikhoza kukhala yakale kuposa ya sabata yatha, chifukwa inakhalitsa m'nyumba yawo yosungira katundu. Ikatero, zatsopanozo ndi zimene ziyenera kupita kutsogolo, ndiye kokani thireyi yonse, tsitsani zonse, sanjaninso. N'zotopetsa, inde, ndipo apa m'pamene antchito ambiri amadulira njira. Kunyumba lembani deti ndi cholembera chachikulu pambali ya katoni iliyonse yoyang'ana kwa inu, ndipo musatsegule katoni yachiwiri yoyamba isanathe.

Zolemba za Chipwitikizi muziziwerenga bwino. "Consumir até" ndi malire enieni, tsikulo likadutsa chinthucho sichidyedwa. "Consumir de preferência antes de" akunena za kukoma, koma ngakhale zimenezi musagulitse zitapitirira. Oyendera malonda a boma akapeza katundu wotha deti amalanda, ndipo wogula amene walumapo bisiketi yofewa sabweranso. Pa katundu wa ku South Africa mupeza BB, tanthauzo lake n'lofanana ndi "Consumir de preferência antes de". Pakatsala masiku 14 tsitsaniko mtengo, kapena samutsirani ku makina kumene chinthucho chimayenda. Pakatsala sabata imodzi chichotseni.

Tsopano za Moatize. Deti ya papaketi imagwira ntchito ngati katundu wasungidwa pozizira ndi pouma. Ku Ulongwe n'kumtunda, nyengo imakuthandizani. Kuchigwa cha Zambezi, kumene kuli Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Chokoleti chimasungunuka n'kuumanso chitayera, tchipisi timayamba fungo la mafuta akale deti isanakwane. Galasi lisayang'ane dzuwa la masana, ndipo katundu asachezere m'buti ya galimoto. Miyezi yotenthayi chokoleti chisiyeni ku Ulongwe.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira: fumbi la malasha a m'migodi ya ku Moatize. Tsegulani kansefa ka pansi, muone timizere tachitsulo timene timatulutsa kutentha pafupi ndi kompresa, injini ya firiji. Mukapeza tavala fumbi lakuda ngati bulangete, ndiye kuti firiji ikungolira osaziziritsa. Thimitsani makina, pukutani ndi burashi yofewa kawiri pa mwezi, ndipo kumbuyo kwa makina musiye mpata wa masentimita 15 kuti mpweya uziyenda. Labala wa pachitseko muyeseni ndi pepala: mukatseka n'kulikoka likasolokoka mosavuta, labalayo watha.

Yogati ndi mkaka wosaphika kwambiri zimafuna madigiri osapitirira 5. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kamene kamasunga nambala yapamwamba, kazikhala m'katimo. Magetsi akathima maola oposa anayi, zimenezi n'zotaya, deti kaya ikadali kutali. Ndipo funsani mwini malo kuti mayunitsi a magetsi a Credelec amagula ndani, chifukwa mayunitsi akatha Loweruka madzulo makina amagona osazizira mpaka Lolemba. Ngati yankho lake silikumveka, ku Moatize yogati musaikeko n'komwe. Ikani madzi, zakumwa za m'zitini ndi mtedza.